Mafunso a Owerenga: Bwanji Mkulu wa Timu ya Baseball Amatchedwa Manijala?

Akonzi, ndimaonera masewera a ku America pa intaneti. Ku NBA (ligi ya basketball) ndi ku NFL (ligi ya mpira wa chi America) mkulu wa timu amamutchula kuti hedi kochi, koma mu baseball olengeza amangoti manijala. Chinanso, bamboyo amavala yunifomu yokhala ndi nambala kumsana ngakhale ali ndi imvi. Zinayamba bwanji zimenezi? – Wowerenga wa ku Zomba

Dzinali ndi lakalekale, achimwene, ndipo linabwera chifukwa cha ndalama. M'zaka za m'ma 1800, amene ankalamula m'bwalo anali kaputeni, wosewera mnzawo. Manijala ankagwira ntchito ya kunja kwa bwalo: kupeza matimu osewera nawo, kugula matikiti a sitima, kulipira malo ogona ndi kuwerenga ndalama za pageti. Mu 1869 timu ya Cincinnati Red Stockings inayamba kulipira osewera ake onse poyera, ndipo Harry Wright ankasewera, kutsogolera anzake m'bwalo komanso kuyendetsa zaulendo. Ntchito ziwirizo zitagwera munthu mmodzi, dzina lomwe linatsala ndi la manijala.

Basketball ndi mpira wa NFL zinakulira m'masukulu ndi m'makoleji, kumene wamkulu wa timu anali mphunzitsi wa ana asukulu, ndiye kochi. Umboni wake ndi woti baseball yomweyo ikamaseweredwa kukoleji, mkulu wake amatchedwa hedi kochi mpaka lero. Inu otsatira ligi ya ku England musadabwe nazo, paja Alex Ferguson naye ankatchedwa manijala.

Mawu akuti kochi alipo mu baseball, koma ndi a anthu apansi pa manijala. Poyamba anali osewera amene ankaima pafupi ndi besi yoyamba ndi yachitatu (mabesi ndi malo amene wothamanga amapondapo pozungulira bwalo) n'kumakuwira mnzawo wothamanga kuti apitirire kapena aime. Lero pali kochi wa oponya mpira, wa omenya, wa pabenchi, wa kumalo kumene oponya olowa m'malo amatenthetsera mkono, ndi awiri a pa besi aja.

Za yunifomu zinachokera kwa akaputeni omwewo. Mamanijala ambiri akale ankaseweranso. Lou Boudreau anatenga World Series, chikho chachikulu cha baseball ku America, ndi Cleveland mu 1948 nayenso akusewera m'timumo. Frank Robinson, munthu wakuda woyamba kukhala manijala mu Major League Baseball, ligi yaikulu ya baseball ku America, analinso wosewera pamene ankayamba ntchitoyi mu 1975. Womaliza kuchita zimenezi anali Pete Rose ku Cincinnati Reds, kuyambira 1984 mpaka 1986. Komanso manijala amalowa m'bwalo masewera ali mkati, kukachotsa woponya mpira kapena kukakangana ndi woimbira. Amene anakana yunifomu ndi Connie Mack, yemwe anatsogolera Philadelphia Athletics kuyambira 1901 mpaka 1950 atavala suti ndi tayi. Ankakhala pabenchi n'kumalozera osewera poti aime ndi kapepala kolembapo zigoli. Womuchotsa ntchito panalibe, popeza analinso mmodzi mwa eni ake a timuyo.

Kodi palibe timu imene inayesapo kukhala ndi hedi kochi? – Wowerenga wa ku Chipata

Ilipo, ndipo inapsa nazo. Mwini wa Chicago Cubs, Philip K. Wrigley, anathetsa udindo wa manijala mu 1961 n'kuika gulu la makochi oti azisinthana pampando wa hedi kochi. Chaka chimenecho anapambana masewera 64 n'kugonja 90. Mu 1962 anapambana 59 n'kugonja 103, mpaka kutsalira kumbuyo kwa timu ya ku Houston yomwe inali itangolowa kumene m'ligi. Vuto lake n'losavuta kuliona: kochi wina akakuuza kuti uzigwira ndodo motere, patapita masabata ochepa wina akubwera ndi zake, ndipo amene wakuika m'timu lero mawa si bwana. Cubs inabwerera ku manijala mmodzi mu 1966 polemba Leo Durocher.

Nanga ngati kuphunzitsa ndi kwa makochi, manijala amatani kwenikweni? – Wowerenga wa ku Johannesburg

Kugula ndi kugulitsa osewera si kwake masiku ano. Imeneyo inapita kuofesi, kwa jenerale manijala. Manijala watsala ndi osewera 26 ndi masewera 162 pa sizoni, pafupifupi tsiku lililonse kuyambira kumapeto a Malichi mpaka kumapeto a Seputembala. Nthawi yophunzitsa zatsopano imachepa, chachikulu n'kugawa mphamvu za anthu.

Masewera asanayambe amalemba mndandanda wa omenya mpira asanu ndi anayi n'kuupereka kwa woimbira. Mndandandawo ndi lamulo. Wina akamenya pamalo pa mnzake, timu inayo n'kudandaula nthawi yomweyo, amene anayenera kumenyayo amataya mpata wake womenya ndipo zomwe wolakwayo wapindula zimafufutidwa. Zinaonekera New York Mets mu 2018 posewera ndi Cincinnati Reds, chifukwa pepala limene anapatsa woimbira linasiyana ndi limene osewera ankatsatira.

Pomwe manijala amadyera kapena kuthera ntchito ndi pa oponya mpira. Mu baseball wosewera akasinthidwa ndi wina sabwereranso m'masewera amenewo. Mukachedwa kuchotsa woponya wotopa, mpira wake umachepa liwiro ndipo omenya amaukwapula. Mukafulumira, mumatha oponya a pabenchi amene mukuwafunanso mawa ndi mkuja. N'chifukwa chake amawerenga mpira uliwonse woponyedwa, ndipo woponya amene wayamba masewera akamayandikira mipira 100 foni imalira kumalo otenthetsera mkono kuti wina adzuke. Malamulo amam'manganso manja: akapita kukalankhula ndi woponya yemweyo kawiri m'chigawo chimodzi cha masewera (inning), ayenera kumuchotsa. Kuyambira 2020, wolowa m'malo ayenera kukumana ndi omenya osachepera atatu kapena kumaliza chigawocho. Kale manijala ankatha kulowetsa woponya wamanzere kuti athane ndi womenya mmodzi yekha n'kumutulutsa. Lero akamulowetsa ayenera kuyang'ananso awiri otsatirawo, amene mwina amamenyera kumanja.