Mwana akapempha madola ogulira nkhani za kafukufuku pa intaneti

Mayi wina wa ku Dedza wafunsa kuti: "Mwana wanga ali m'chaka chomaliza cha maphunziro a unamwino ndipo akulemba kafukufuku wake. Akuti nkhani iliyonse imene akuifuna pa intaneti ikumuuza kuti alipire madola 35. Kodi ndigulitse mbuzi kuti ndimuthandize?"

Mayi, mbuzi zanu zisiyeni m'khola. Mtengo umene mwanayo akuuona ndi wa munthu amene wafika yekha pakhomo la wosindikiza nkhanizo. Wophunzira wa m'koleji ya ku Malawi ali ndi makomo ena, amene mabungwe osiyanasiyana anatsegula kale mogwirizana.

Khomo loyamba ndi Research4Life, mgwirizano wa nthambi za United Nations ndi makampani osindikiza magazini a kafukufuku. Uli ndi zigawo zisanu. Hinari, ya bungwe la WHO, inayamba mu 2002 ndipo ndi ya zaumoyo. Imeneyi ndiyo ya mwana wanu. AGORA ya FAO ndi ya zaulimi, OARE ndi ya zachilengedwe, ARDI ndi ya luso ndi zopangapanga, pomwe GOALI ndi ya malamulo. Malawi ali m'gulu la mayiko amene amawerenga mwaulere. Koma amene amalembetsa ndi bungwe, osati munthu payekha: yunivesite, koleji, chipatala chophunzitsira, ofesi ya boma kapena malo ochitira kafukufuku.

Lachiwiri ndi MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'dziko muno umene unakhazikitsidwa mu 2003. Laibulale imodzi singakwanitse kulipira wosindikiza wamkulu pa yokha, makamaka poti malipirowo ndi a ndalama zakunja. Malaibulale akasonkha pamodzi amanenerera mtengo ngati gulu, ndipo wophunzira wa sukulu imene ili membala amapindula osatulutsa kanthu m'thumba.

Choyamba chimene mwanayo achite ndi kupita kwa woyang'anira laibulale ya pakoleji pake, osati kwa mnzake wa m'kalasi. Afunse ngati kolejiyo inalembetsa ku Research4Life, ngati ili mu MALICO, komanso mmene ophunzira amalowera. Apite atalemba kale mutu wa nkhani, dzina la mlembi, chaka, ndi nambala ya DOI (nambala yapadera yozindikiritsa nkhaniyo pa intaneti) ngati ilipo. Ngati kolejiyo sinalembetse, woyang'anira laibulale ndiye amadzaza fomu pa webusaiti ya Research4Life, ndipo ophunzira ali ndi ufulu womukumbutsa kudzera mwa atsogoleri awo.

Apa pali malo amene ambiri amagwa. Wosindikiza amazindikira owerenga a sukulu m'njira ziwiri: kudzera pa adiresi ya IP (nambala yozindikiritsa netiweki pa intaneti) ya pasukulupo, kapena pa dzina ndi pasiwedi ya bungwe. Wophunzira akakhala kunyumba pa bandulo ya Airtel kapena TNM, nkufufuza pa Google nkudina nkhani, wosindikiza amamuona ngati mlendo, ndiye mtengo uja umatulukira. Nkhani yomweyo akaitsegula ali pa Wi-Fi ya pasukulu, kapena atayamba walowa pa webusaiti ya Research4Life nkuifufuzira mkati momwemo, kawirikawiri imatseguka. Malaibulale ena ali ndi njira yolowera uli kutali ndi sukulu. Ayifunse asanapite kukagwira ntchito yophunzirira m'zipatala za m'maboma, chifukwa kumeneko ndiko amaifuna kwambiri.

Pasiwediyo aisamale. Ikaponyedwa pa gulu la WhatsApp nkufika kwa anthu akunja kwa sukulu, kapena wina akatsitsa magazini yonse yathunthu nthawi imodzi, wosindikiza angathe kutsekera sukulu yonse. Kusasamala kwa munthu mmodzi kumalanga anzake onse pa nthawi imene akuthamangira kupereka ntchito.

Zimachitikanso kuti walowa bwinobwino koma nkhani ina ikukanabe. Si magazini onse amene ali mu Research4Life, ndipo wosindikiza aliyense amasankha zimene apereke ku dziko liti. Zikatero asataye mtima. Aike mutu wa nkhaniyo mu Google Scholar, tsamba la Google lofufuzira nkhani za kafukufuku, aone ngati kumanja kuli PDF yaulere, ayang'ane mu PubMed Central, nkhokwe yaulere ya nkhani za kafukufuku wa zaumoyo, kapena alembere mlembi imelo yaifupi yaulemu; ofufuza ambiri amasangalala kutumiza ntchito yawo kwa wophunzira. Pa nkhani za kwathu kuno, African Journals Online ili ndi magazini ambiri a mu Africa, ndipo Malawi Medical Journal imawerengedwa mwaulere. Kwa namwino amene akulemba za malungo kapena uchembere ku Malawi, zimenezi nthawi zambiri zimamuthandiza kuposa nkhani yodula ya chipatala cha ku Ulaya.

Ngati muli ndi kangachepe koti mumupatse, mugulireni fulashi yosungiramo nkhani zimene watsitsa ali pasukulu, ndi bandulo yoti aziwerengera ali kutali. Nkhani iliyonse aziisunga ndi dzina la mlembi ndi chaka, kuti polemba mndandanda wa zimene wawerenga asayambenso kuzifufuza.