Kwa achimwene a ku Kasungu ofuna mabuku a makatapila ndi makina ophwanya miyala

Achimwene, mwafunsa komwe mungapeze mabuku ofotokoza za makina okumba dothi ndi ophwanya miyala, poti mukufuna kuyamba kugulitsa kwale kuno ku Kasungu. Mwachita bwino kufunsa ndalama zikadali m'thumba.

Musanatsegule buku lililonse, dziwani kaye mwala umene mudzaphwanye. Miyala yambiri ya m'dera lathu lino ndi yolimba, ya mtundu wa gneiss ndi granite, ndipo imadya chitsulo. Makina a nyundo, omwe amagwira ntchito ngati chigayo cha chimanga, ndi otsika mtengo, koma amayenera miyala yofewerapo monga ya laimu. Pa mwala wathuwu nyundo zake sizichedwa kutha. Inu mukufunika jaw crusher, amene amatafuna mwala pakati pa zitsulo ziwiri za manganese. Mukadziwa zimenezi, mudziwanso masamba oti muwerenge ndi oti mudumphe.

Mabuku amene ndingakulozereni ndi awiri, ndipo onse amapezeka pa intaneti ngati PDF. La zophwanya ndi kusefa miyala ndi Crushing and Screening Handbook la kampani ya Metso. M'menemo muphunzira kuti mwala wolowa usapitirire pafupifupi 80 peresenti ya kukula kwa kamwa la makina. Mwachitsanzo, makina aang'ono a ku China otchedwa PE 250x400, omwe kamwa lawo ndi la mamilimita 250 ndi 400, amalandira mwala wosaposa mamilimita 210 ndipo amayendera mota ya 15 kW. Ndiye kuti pamalopo pafunika magetsi a three phase a ESCOM, apo ayi injini ya dizilo. Ambiri amakumbukira zimenezi makina atafika kale.

La makatapila ndi Caterpillar Performance Handbook. Ndi lalikulu zedi, musaliwerenge lonse. Pitani pamene akufotokoza za kufufuma kwa dothi. Dothi wamba likakumbidwa limachuluka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, mwala wophulitsidwa umaposa pamenepo. Mukapanda kuwerengera zimenezi, maulendo a tipa amachuluka kuposa amene munagwirizana ndi kasitomala, dizilo n'kutuluka m'thumba mwanu.

Komatu buku lofunika kuposa onsewa ndi la makina enieniwo amene mudzagule, lofotokoza kayendetsedwe ndi kasamalidwe kake, pamodzi ndi la manambala a zipangizo. Makina ambiri ogwiritsidwa kale ntchito amabwera opanda mabuku, wogulitsa n'kumati makaniko aliyense amawadziwa. Chonde musavomere. Jambulani kachitsulo kolembedwa model ndi serial number, mufufuze ngati buku lake likupezeka musanalipire. Ngati ndi Caterpillar, a Barloworld Equipment ndiwo oimira kampaniyo m'dziko muno. Zimandipweteka mtima kuona makina a mamiliyoni atangokhala miyezi chifukwa cha bering'i imodzi imene nambala yake palibe akuidziwa.

Mukapita ku Blantyre, kafunseni ku laibulale ya MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, chifukwa kumeneko amaphunzitsa za migodi. Koma ulendo wofunika kwambiri ndi wa pa kwale imene ikugwira ntchito. Pemphani chilolezo, mukacheze ndi woyendetsa makina. Mufunseni kuti zitsulo zotafunira amasintha pakatha nthawi yaitali bwanji, amazigula kuti, nanga makina akatsamwa amachita chiyani.

Werenganinso lamulo la migodi la Mines and Minerals Act la 2023, chifukwa kukumba miyala yogulitsa kumafuna laisensi. Ndipo m'mabuku onsewa musadumphe za fumbi. Fumbi la miyala yotereyi limayambitsa silicosis, matenda a m'mapapo osachizika. Anyamata anu adzafunika zotchinga pamphuno zenizeni, osati kansalu, komanso madzi owaza pamene mwala ukuphwanyidwa.

Tiuzeni malo amene mwapeza, ngati pali magetsi, komanso matani amene mukufuna kutulutsa patsiku, tithandizane kusankha kukula kwa makina.