Musatulutse buku ngakhale limodzi musanagwire kiyi wa chipinda chatsopanocho

Achemwali, musasaine. Ndawerenga zomwe mwalembazi mtima ukugunda, chifukwa mawu omwe akuuzani a khansala anuwo, oti musamutse kaye laibulale ya m'holoyo kwa miyezi itatu kuti akonze pakati pa tauni kenako mudzabwerere m'chipinda chabwino, ndi omwewo amene tinauzidwa ife. Miyezi yake itatu yomweyo. Sinditchula tauni kapena maina chifukwa abale a anthuwo ali m'gulu lomwe lino, koma amene tinakulira limodzi akudziwa.

Chipinda chathu chinali kuseri kwa msika, ukatsika minibasi pa depoti n'kuyenda pang'ono chabe. Sichinali chokongola ayi. Mabenchi anayi, matebulo awiri aatali, ndi mashelefu omwe anatikhomera kalipentala wa kutchalitchi kwathu osatilipiritsa ngakhale tambala. Mabuku ena tinapempha kwa aphunzitsi opuma pantchito, ena tinalandira titakadzilembetsa ku National Library Service, bungwe la boma loona za malaibulale, ena anthu ankangobweretsa m'jumbo. Ine ndinkatsegula ndikaweruka kuntchito, kutseka kukayamba mdima. Ana a Fomu 4 ochokera m'nyumba zopanda magetsi ankadzaza mpaka ena kukhala pakhonde. Amayi a tomato ankatumiza ana awo kuti asamangozungulira mumsika. Madoda awiri ankabwera tsiku lililonse kudzawerenga nyuzipepala ya dzulo, ndipo anyamata ofuna ntchito ankakopera maadiresi m'menemo.

Itabwera nkhani ya chitukuko tinaomba m'manja tonse, ineyo poyamba. Ndani safuna tauni yaukhondo? Anati achotsa zisakasa, akumba ngalande, amanga mashopu atsopano ndi poimika magalimoto. Ena mukukumbukira Operation Dongosolo ya mu 2006, mavenda atachotsedwa m'misewu, mmene anthu tinkayendera momasuka m'tauni masiku oyambawo. Ndinkaganiza kuti ndi zotero, kuti ife a mabuku tili mbali ya okonzedwera zinthu. Sindinadziwe kuti pa pulani yawoyo ife tinali ngati nyumba zija za ku Blantyre ndi Limbe zomwe ankazijambula nyenyezi yofiira kuti zigwetsedwe.

Kalata anatipatsa, ya chidindo. Ine monga mlembi wa komiti ndinasaina ndi dzanja langali. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndiye za mvula palibe anaziganiza. Tinalongedza m'makatoni omwe tinapempha m'magolosale, ana asukulu akuthandiza kukankha pa wilibala, katoni iliyonse italembedwa ndi makala: Biology, Chichewa, nthano za ana, mapepala a mayeso akale a MANEB. Anatisonyeza kanyumba kosungiramo zipangizo kuseri kwa ofesi. Tinasanja bwinobwino makatoniwo pamwamba pa mabenchi athu aja kuti asakhudze pansi. Loko anali wawo, kiyi anatenga wapampando wa komiti ya chitukuko. Apo ndi pomwe tinafera, pa kiyipo.

Mvula itayamba ndinapita kukapempha kiyi kuti ndikaone. Akuti ali ndi a bwana. Ndinapitanso, akuti a bwana ali kumaliro. Kachitatu, akuti kontilakita wasungamo katundu wake ndiye sangatsegulire aliyense. Disembala anatha, Januwale anatha. Mu Febuluwale ndinatopa, ndinatenga mnyamata wowotcherera zitsulo n'kukadula lokoyo masana anthu akuona.

Abale anga, fungo lake mpaka lero likadali m'mphuno mwanga. Chitseko chinakana kutseguka, tinachita kukankha awiri, madzi akuda n'kutulukira kumapazi kwathu. Denga linali ndi lata limodzi losasuka pakona, ndipo pansi pa lata limenelo ndi pomwe panali makatoni athu. Pansi penipeni, m'madzi. Mabenchi athu anali atawakokera mbali youma, atasanjapo matumba a simenti. Simenti yawo ili gwa, youma, yofunditsidwa pepala la pulasitiki, mabuku a ana a eni ali m'matope. Munthu anachita kunyamula katoni iliyonse ndi manja ake, kuwerenga zomwe tinalemba ndi makala zija, n'kuitsitsa pansi.

Ndinayesa kunyamula katoni yoyamba, pansi pake panangotsala pomwepo. Mabuku atatupa, atamatana kukhala chibuma chimodzi, achita chuku chobiriwira. Omwe anali pamwamba osafikidwa ndi madzi chiswe chinali chitamanga njira kuchokera kukhoma n'kulowa m'kati, ukatsegula chikuto chili bwinobwino koma m'kati muli dothi lokhalokha. Atlasi yathu, imodzi yokhayo yomwe ana ankachita kulembetsa maina kuti aigwiritse ntchito mosinthana, inangonyenyeka m'manja mwanga ngati nsima yogona. Kaundula yemwe ndinkalembamo obwereka mabuku, inki yonse itasungunuka, maina a ana onse aja osawerengekanso.

Panja panali kamtsikana ka Fomu 4 komwe kanamva kuti tatsegula, kanathamanga kuchokera kusukulu yunifolomu ili m'thupi. Kanangoti, aunt, la Biology lija lilipo? Ndinafufuza, ndinalipeza, ndinakapatsa. Kanalitsegula, masamba n'kutsalira m'zala. Sikanalire, kanangolibweza mwaulemu ndi manja awiri n'kunena kuti zikomo. Ine ndi amene ndinakhala pansi m'madzi momwemo n'kulira ngati pamaliro. Mayeso anali atatsala miyezi yochepa, ndipo mayi ake ankagulitsa makala, buku sakanagula.

Nditapita kwa a khansala mawa lake, matope akadali m'zikhadabo, mukudziwa zomwe anandiyankha? Akuti mabuku ake akalekale omwe aja, masiku ano ana amawerenga pa foni. Pa foni! Foni ya ndani, bandulo yake agule ndani, aitchaje kuti? Munthu yemwe pa kampeni anaima m'chipinda chomwecho, kujambulitsa ndi ana athu atanyamula mabuku. Wapampando uja ndiye anafika pondiopseza kuti andisumira chifukwa chodula loko. Ndinamuuza kuti tiyeni, tikafotokoze limodzi za simenti ija. Sanapite. Mashopu atatha, pomwe panali chipinda chathu panakhala shopu ya zipangizo za mafoni ndi ina ya mowa, ndipo imodzi mwa izo inagwera mlamu wake wa wapampando yemweyo. Kalata yanga ya chidindo ija ndikadali nayo. Nditaionetsa, anati amene anasaina analibe mphamvu yolonjeza malo. Laibulale ya Mzuzu University itapsa mu Disembala 2015 dziko lonse linadandaula, ndipo kunali koyenera. Yathuyi inafa mwakachetechete, popanda ndi mmodzi yemwe wopepesa.

Chomwe ndinadzamvetsa mochedwa n'chakuti lonjezo la khansala ndi la pakamwa basi. Kumbukirani kuti dziko lino linakhala lopanda makhansala kuyambira 2005 mpaka chisankho cha 2014, ndipo zaka zonsezo maofesi anazolowera kuyendetsa zinthu okha. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 atalisintha mu 2010, mkulu woyendetsa khonsolo amasankhidwa ndi nduna, aphungu a Nyumba ya Malamulo anapatsidwa nthawi imeneyo mphamvu yovota nawo m'khonsolo, ndipo meya amasankhidwa ndi makhansala anzake kwa zaka ziwiri ndi theka zokha. Amene akukulonjezani lero, pofika nthawi yogawa zipinda akhoza kukhala atachoka pampando. Komanso khonsolo imadalira matikiti a mumsika, lendi ya mashopu ndi msonkho wa malo. Laibulale sibweretsa ndalama. Ndiye pogawa malo abwino pafupi ndi depoti, mukuganiza kuti ayamba kukumbukira ndani? Nayo National Library Service, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, ili pansi pa boma lalikulu, si ya khonsolo, choncho m'khonsolomo palibe amene amaona mabuku ngati ntchito yake.

Akakuuzani kuti akupatsani malo aakulu kunja kwa tauni, kanani. Laibulale imakhala ndi moyo pomwe anthu amadutsa kale ndi miyendo. Taonani ku Lilongwe, likulu la laibulale lili ku City Centre, malo abwino, koma mwana wa ku Chinsapo kapena Area 25 amafunika ndalama ya minibasi kuti akafike. Mwana wa mayi wa tomato amawerenga chifukwa chipinda chili poti mayi ake akumuona ali pabenchi lawo.

Tsono chitani izi. Chilichonse chilembedwe, chisainidwe ndi mkulu wa khonsolo mwiniwake, osati khansala kapena wapampando, ndipo chilowe m'maminitsi a msonkhano wa khonsolo yonse, nambala ya chipinda itchulidwe. Pemphani kuona pulani ya nyumbayo, muloze ndi chala pomwe alemba kuti laibulale. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zomwe maofesi a boma akusunga linayamba kugwira ntchito mu 2020, ligwiritseni ntchito, lembani kalata yopempha ndipo musunge kope lake. Musakangane nawo a khansala anuwo, mwina ndi munthu wabwino, alipo ena omwe amagwiradi ntchito. Aitaneni adzakhale ndi ana Loweruka, aikeni m'komiti ngati mlangizi, aziona kuti laibulaleyo ndi yawonso. Tengani amfumu, abusa, ashehe, aphunzitsi aakulu a sukulu zozungulira ndi komiti ya mumsika, mupite limodzi. Ine ndinkayenda ndekha ndi kalata m'chikwama, n'chifukwa chake ankandiuza za mawa.

Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngakhale asaine anthu khumi, musatuluke m'holomo musanalowe m'chipinda chinacho, kuyang'ana denga lake, kuika loko wanu, kiyi n'kukhala m'thumba mwanu. Zikavuta kuti akukutulutsani ndithu, musaunjike mabuku malo amodzi. Gawanani m'nyumba za a komiti, ena kutchalitchi kapena kumzikiti, ena kusukulu yapafupi, mulembe kuti katoni yakuti ili kwa uje. Mabuku a Fomu 2 ndi Fomu 4 asalowe n'komwe m'katoni, ana aziwabwereka kuchokera pakhonde la munthu. Ndipo musalole kusamuka mvula ili pafupi.

Kwathu kunapulumuka makatoni awiri okha, omwe ndinapita nawo kunyumba kuti ndikamate zikuto. Muli nthano za ana ndi madikishonale atatu, ali pamwamba pa wadulobu chitetezereni ku chiswe. Ngati mukuwafuna ndilembereni ku inbox, ndidzawatumiza pa basi, koma mukadzandionetsa kaye chithunzi cha kiyi ali m'manja mwanu.