Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma akapita kalumoko katsala ndi yani?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Johannesburg, kwa mayi wina amene ndi telala ndipo wakhala ku Joni zaka zambiri. Ndaidulako pang'ono:

"Kumpingo kwathu kuno tilipo Amalawi angapo amene tikufuna kubwera kumudzi mu December. Pali mishoni ina m'chigawo chapakati yomwe imasunga ana amasiye, ndiye tagwirizana kuti tikakhaleko masabata awiri, aliyense akaphunzitse luso lake. Ine ndimasoka, pali bambo wowotcherera, nesi mmodzi ndi mnyamata wa makompyuta. Koma mwana wanga wamkazi wandigwetsa ulesi. Akuti wawerenga pa intaneti kuti alendo opita kumalo osungirako ana amapweteka anawo m'malo mowathandiza. Kodi ndi zoona? Tileke? Ngati tingapite, titenge chiyani?"

Mayi, musaleke. Komanso mwana wanuyo musamukalipire, chifukwa zimene wawerengazo si mphekesera. Inu ndi iye mukunena zinthu ziwiri zosiyana, ndipo zonse zili ndi mutu.

Chimene iye akunena ndi ichi. Khanda limafuna munthu mmodzi kapena awiri amene limawadziwa fungo ndi mawu, amene likalira usiku amabwera omwewo. Tsono pakabwera mlendo n'kulibereka masabata awiri, n'kupita, mwezi wamawa n'kubwera wina, mwanayo amaphunzira kuti aliyense womukonda amachoka. Mukafika pamalo otere mudzaona tiana tikuthamangira munthu amene sitinamuonepo, kumukakamira m'khosi, kukana kutsika. Alendo amasangalala nazo, amati ana awa ndi ochezeka. Anthu odziwa za kakulidwe ka ana amati chimenecho ndi chizindikiro cha vuto, pakuti mwana wokhazikika mumtima akaona mlendo amayamba wabisala kumbuyo kwa amayi ake. Ku Romania, kuyambira 2000, akatswiri anatsatira ana 136 a m'nyumba zosungiramo ana mumzinda wa Bucharest. Theka anawapezera mabanja, ena anatsala komweko. Amene analowa m'mabanja anakula bwino m'nzeru ndi m'khalidwe, makamaka amene anatengedwa asanakwane zaka ziwiri. Palinso nkhani yonyansa ya ku Cambodia ndi Nepal, kumene anthu ena ankatenga ana kwa makolo osauka n'kuwasandutsa amasiye kuti alendo azibwera ndi ndalama. N'chifukwa chake mu 2018 dziko la Australia linaika mchitidwewu m'gulu la ukapolo wamakono, ndipo mu 2019 msonkhano waukulu wa United Nations unapempha maiko kuti achitepo kanthu pa mavuto obwera ndi alendo ongodzipereka m'malo osungirako ana.

Zonsezi zikunena za munthu wopita kukanyamula makanda, kuyimba nawo, kujambulitsa n'kubwerera. Inu muli ndi luso m'manja. Funso lanu lenileni ndi lakuti lusolo mukalisiya m'manja mwa yani. Yankho langa ndi lakuti mukalisiye kwa akuluakulu amene adzakhalepo inu mutakwera basi: amayi olera ana pamishonipo, mlangizi amene amaphunzitsa kale ntchito zamanja, achinyamata amene atsala pang'ono kutuluka, ndi achibale a anawo kumidzi. Tiana ting'onoting'ono tisiyireni amene amatilera.

Mwina mwadabwa kuti ndatchula achibale. Ana ambiri okhala m'malo amenewa ali ndi kwawo. Ena ali ndi kholo limodzi lamoyo, ena agogo, azakhali kapena amalume. Mukukumbukira David Banda, amene Madonna anamutenga ku Home of Hope ku Mchinji mu 2006? Bambo ake analipo. Mayi ndi amene anamwalira mwanayo atangobadwa, ndipo bamboyo analibe pogwira. Nkhani zambiri zimayenda choncho: maliro a mayi, kusowa mkaka, kusowa fizi, agogo otsala ndi zidzukulu zisanu pamunda wa theka la ekala. Lamulo lathu losamalira ndi kuteteza ana la 2010 komanso ofesi za Social Welfare m'maboma zimakankhira kumodzi, kuti mwana akulire pabanja ngati n'kotheka, ndipo malo osungirako ana akhale pothawira pamene zina zonse zakanika. Mishoni zoganiza bwino zinayamba kale kubwezera ana kwawo n'kumawathandizira komweko. Ndiye azakhali amene akuyembekezera kulandira mwana mu January, mukawaphunzitsa kusoka yunifolomu, mwathandiza mwanayo kuposa kumugulira chidole. Vesi ya Yakobo 1:27 imene timakonda kuwerenga tikamapita kukacheza kwa ana amasiye imatchula ana amasiye ndi akazi amasiye pamodzi. Ife timaiwerenga theka.

Kuphunzitsa luso pamishoni si zachilendo m'dziko lathu. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi anthu akuno amene anaphunzirira kuumba ndi kuyala njerwa pantchito pomwepo, motsogozedwa ndi David Clement Scott. Ku Khondowe, sukulu imene Robert Laws anayambitsa mu 1894 inkatulutsa akalipentala, amisiri omanga ndi osindikiza mabuku. Ku Mbombwe kwa John Chilembwe, Emma DeLany wochokera ku America ankaphunzitsa amayi kusoka m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Koma onsewa ankakhala zaka, ndipo ophunzira awo ankagwira chida tsiku ndi tsiku mpaka dzanja litazolowera. Inu muli ndi masiku khumi ogwira ntchito, mukachotsa Lamulungu, tsiku lolandiridwa ndi tsiku lotsanzikana. M'masiku khumi simungatulutse telala. Mungathe kunola telala amene alipo kale, ndiponso mungathe kuphunzitsa chinthu chimodzi mpaka chitagwira.

Tiyeni tikambe za inu mwini, popeza ndinu mwalemba. Mukafika, musanatsegule chikwama, pemphani kiyi wa kusitolo. Mishoni imene inalandirapo alendo ikhoza kukhala ndi chipinda chosungiramo mphatso zimene zinasiya kugwira ntchito, ndipo mwina mudzapezamo makina osokera atafunditsidwa chitenje, fumbi lili mbuu. Ambiri mwa makinawo sanafe. Ena lamba anaduka, ena shatulo inasowa, ena anaikidwa singano chagada n'kumadumphitsa ulusi mpaka anthu anatopa nawo. Enanso ndi amagetsi, ochokera kunja, amene zipangizo zake simungazipeze ngakhale ku Limbe. Masiku awiri oyamba muwathere pamenepo, muli ndi mayi mmodzi kapena awiri a pamalopo pambali panu, sikuludiraiva ili m'manja mwawo, osati mwanu. Atsegule okha kachitsulo ka pansi pa singano, achotse thonje louma limene launjikana m'mano okoka nsalu, adontheze mafuta a makina m'timabowo (osati mafuta ophikira, chonde, amaundana n'kumata zonse), apalase n'kumva kulira kwasintha. Muwaonetse kuti ulusi ukamapanga zisa kunsi kwa nsalu, vuto nthawi zambiri lili kumwamba, pa kamangidwe ka ulusi wapamwamba, ngakhale maso amathamangira ku bobini, kaja kokulungako ulusi wapansi. Munthu amene wadziwa zimenezi sadzafunditsanso makina chitenje chifukwa cha kavuto kakang'ono.

Mukatero sankhani chovala chimodzi. Ine ndikanasankha yunifolomu ya sukulu ya pulayimale imene ili pafupi, deresi ya atsikana ndi kabudula wa anyamata, chifukwa msika wake ulipo chaka chilichonse ndipo kaunjika sapikisana nawo. Malaya wamba, masiketi ndi mabulauzi, kaunjika anazipha kalekale, wophunzira wanu sangagulitse pamtengo womubwezera nsalu. Dulani mapatani a masaizi atatu kapena anayi pa katoni yolimba, lembanipo mayina, abooleni ndi kuwapachika pamsomali. Ophunzira ayambe kusoka pa pepala la thumba la simenti popanda ulusi, kutsata mzere mpaka phazi ndi dzanja zitamvana, kenaka nsalu. Ndipo muwaphunzitse kuwerengera: nsalu mamita angati, zipi, mabatani, ulusi, nthawi yawo, ndiye mtengo. Atelala ambiri a pakhonde amasoka bwino koma amagwa pa masamu amenewa. Ngati nthawi yatsala, mapadi ochapa a atsikana ndi chinthu chachiwiri chabwino, ndipo magulu a amayi a m'sukulu zambiri amasoka kale, mungawaitane adzaphunzire limodzi.

Bambo wowotchererayo ayambe wafunsa ngati pamalopo pali magetsi okoka makina ake, ndiponso ngati amayaka masana. Akapeza kuti alipo, ntchito yosowa manja sisowa: mabedi othyoka, mawilibala, mafelemu a mawindo, madesiki. Agwire ndi anyamata ndi atsikana akuluakulu okha, ndipo asayatse ndodo ngati aliyense alibe chotchinga kumaso ndi magolovesi. Mphatso yake yaikulu ingakhale kukacheza ndi mmisiri wa pa trading centre yapafupi n'kumupempha kuti atenge wachinyamata mmodzi kapena awiri aziphunzira pashopu yake chaka chonse, gulu lanu likulipira kangachepe. Kuchokera apo njira ya ku TEVETA, bungwe limene lakhala likuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, imatseguka, ndipo mwana amadzakhala ndi pepala loonetsa kwa olemba ntchito. Mwana wokulira pamishoni akakwana zaka 18 amatuluka, nthawi zambiri alibe munda, alibe amalume omulowetsa ntchito. Gulu limeneli ndi limene alendo amaliiwala, poti salinso okongola pachithunzi.

Anesi asapite ndi maganizo otsegula chipatala pansi pa mtengo. Kuti agwire odwala m'Malawi ayenera kukhala olembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ngakhale ali ndi mapepala a ku South Africa. Chimene angachite bwino ndi kukhala pansi ndi amayi olera ana pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, n'kubwereza zinthu zimene zimapulumutsa moyo: kusungunula paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino, kuzindikira mwana amene akupuma mothamanga kapena wayamba kukomoka ndi malungo, kuyeza mkono ndi katepi kaja kamene kakafika pofiira, pansi pa masentimita 11.5, mwana ayenera kuthamangitsidwa kuchipatala, ndi kusadumphitsa ma ARV kwa ana amene amamwa. Mnyamata wa makompyuta aiwale zophunzitsa ana onse kutayipa. Akhale mu ofesi ndi mlembi ndi wosunga chuma, akonze kaundula wa ana ndi achibale awo, aike mawu achinsinsi, ndipo awaonetse kusunga zinthuzo pawiri kuti laputopu ikafa zisafere limodzi.

December ali ndi zake. Chakumapeto kwa mweziwu sukulu zimakhala zitatsekera, ndipo malo ambiri amatumiza ana kwa achibale pa holide, antchito ena amapita kutchuthi. Kumidzi anthu ali kalikiliki kubzala ndi kupalira, ndiye azakhali amene mukufuna kuwaphunzitsa sangabwere m'mawa, muwakonzere masana. Misewu yafumbi imasanduka matope. Funsani zimenezi panopa, musanagule matikiti.

Za katundu, ndinganene mwachidule kuti tengani zochepa. Sizasi zabwino, matepi, masingano, mabobini, zotchinga kumaso za owotcherera. Makina opalasa ndi mapazi, nsalu ndi zitsulo mukagule ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kumene wophunzira wanu adzakagulenso zikatha, ndipo mupite naye akaone sitolo yake. Mukatero mwapewanso mkangano wa msonkho pa Mwanza kapena pa Dedza. Ngati pali chachikulu chimene simungachisiye, a mishoni afunsiretu ku MRA, bungwe lotolera misonkho. Masiwiti ndi mabaluni asiyeni. Zovala zakale nazonso, pokhapokha atakupemphani.

Pali zina zimene mwina zikuwawani pang'ono, poti ndinu anthu a Mulungu ndipo mukubwera ndi mtima wabwino. Aliyense wa inu atenge kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mlandu, ngakhale abusa amene. Pasapezeke wina ali yekha ndi mwana m'chipinda, ndipo musagone kumene kumagona ana. Musalonjeze mwana fizi, foni kapena ulendo wa ku Joni. Chilichonse chidzere kwa oyang'anira. Zithunzi za nkhope za ana zisapite pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la mpingo, makamaka zolembedwa kuti uyu makolo ake anafa ndi chakuti. Mwanayo adzakula, adzafuna ntchito ndi banja, ndipo chithunzicho chidzakhala chikadalipo. Pochitira umboni kumpingo mukabwerera, onetsani makina amene adzuka ndi yunifolomu imene yasokedwa. Mukaona kapena kumva zoti mwana akuchitidwa nkhanza, nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo ofesi ya Social Welfare ili paboma.

Sabata ino lemberani a mishoni. Muwafunse ngati ali olembetsedwa kuboma, ngati ali ndi malamulo olembedwa oteteza ana amene mlendo amasainira, ndi ana angati amene abwerera kwa achibale m'zaka zapitazi, komanso ntchito imene iwo akuona kuti ikusowa munthu. Mwina adzakuuzani kuti telala ali naye kale koma mjigo ndi umene wafa, ndiye mudzasintha mapulani. Akakuyankhani kuti ingobwerani, ana amakonda alendo, osakufunsani ngakhale kalata ya kumpingo kwanu, kumeneko musapiteko, funani kwina. Ndipo mwana wanu uja mumutenge pa ulendowu ngati angalole, akhale iye wosunga malamulo a gulu ndi woletsa anthu kutulutsa mafoni.