Esiteti ndiyo inalipira kafukufuku wanga, ndiulule?

Imelo ya sabata ino yachokera ku Thyolo. Wolembayo ndi kiliniko ofesa pa chipatala cha esiteti ina ya tiyi, ndipo wachita kafukufuku wa kupweteka kwa msana pakati pa othyola tiyi. Akufuna kutumiza pepala lake ku Malawi Medical Journal. Nkhawa yake ndi yoti esitetiyo ndiyo inagula mafuta oyendera, ndiyonso imamulipira pamwezi. Akaulula, akonzi salikana pepalalo?

Achimwene, ululani. Magazini ambiri a zachipatala amatsatira malangizo a ICMJE, komiti ya akonzi a magazini a zachipatala a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo fomu yawo imafunsa amene anathandiza ntchitoyo komanso kumene mwalandira ndalama m'miyezi 36 yapitayi. Malipiro anu ali momwemo. Mkonzi akawerenga zimenezi sataya pepala. Amafuna owunika omwe sadya nawo za makampani a tiyi, n'kusindikiza zomwe mwaululazo kumapeto kwa nkhani kuti owerenga adziwe.

Chogwetsa munthu n'kubisa. Mu 1998 dokotala wa ku Britain Andrew Wakefield anatulutsa mu magazini ya zachipatala ya The Lancet pepala lokayikitsa katemera wa MMR, woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri, osanena kuti ankalandira ndalama kudzera kwa maloya omwe ankakonzekera kusumira opanga katemerayo. Mtolankhani Brian Deer anaziulula mu 2004, ndipo mu 2010 magaziniyo inalichotsa pepalalo. Pofika nthawiyo makolo ambiri ku Britain anali atasiya kubayitsa ana, chikuku n'kubwerera.

Koma ine chondidetsa nkhawa si fomu ayi. Anthu amene munawafunsa akudziwa kuti inu ndi iwo bwana wanu ndi mmodzi. Mayi wolembedwa ntchito nyengo yothyola yokha, amene ndalama zake zimadalira makilogalamu a masamba omwe wathyola, angakuuzeni poyera kuti msana wamuvuta? Ambiri angoti "ndili bwino adokotala," poopa kuti nyengo yamawa sadzalembedwanso. Ndiye fotokozani m'pepalamo amene ankafunsa mafunso, malo amene ankafunsira, komanso ngati kapitawo anali pafupi. Wowunika wanzeru adzakufunsanibe zimenezi, bola muyambe ndinu.

Nanga amanijala ali ndi mphamvu yoona zotsatira musanatumize, kapena yoletsa kuti zisatuluke? Ngati ali nayo, khalani nawo pansi lero, musayinirane kuti zomwe mwapeza ndi zanu ndipo mudzazisindikiza ngakhale zitawaipira. Akakana, lembani zomwezo kwa mkonzi. Musaiwalenso kuphatikiza kalata ya chilolezo ya komiti yovomereza kafukufuku wa zaumoyo ku Malawi kuno, monga COMREC kapena NHSRC.