Mafunso a Owerenga: Kodi mawu oti sugar anachokera kuti?

Funso: N'chifukwa chiyani mawu a Chingelezi oti sugar amalembedwa ndi s koma powatchula timamva sh? Nanga kwawo kwenikweni n'kuti?
Mphunzitsi, Nchalo

Yankho: Aphunzitsi, mawuwa m'Chingelezimo ndi obwera. Kwawo ndi ku India. M'chinenero chakale cha Sanskrit munali mawu oti śarkarā, kutanthauza timiyala kapena mchenga wokhakhala. Tapani shuga wabulauni pang'ono, mumutikite ndi zala, mumva nokha chimene anamva anthu amene ankawiritsa madzi a nzimbe mpaka atauma n'kukhala tizibulumwa.

Dzinali linkayenda limodzi ndi katunduyo. Aperezi anati shakar, Aluya n'kuti sukkar. Aluyawo ndiwo anafalitsa ulimi wa nzimbe ku Sicily ndi ku Spain, ndipo apa njira inagawikana. Ataliyana anati zucchero, Afalansa sucre, ndipo cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1200 mawuwa anaoloka nyanja n'kufika ku England, kumene kalelo ankawalemba kuti sugre. Anthu a ku Spain ndi Apwitikizi anameza ndi kaphatikizo komwe kamene Aluya amaika kutsogolo kwa dzina, as-sukkar, n'chifukwa chake abale athu ku Tete paketi yawo imalembedwa açúcar. Aswahili anatenga kwa Aluya mwachindunji, sukari. Wathu shugayu anazungulira kutali, anachita kudzera kwa Angelezi.

Tsopano za sh. Kale su wa m'mawuwa ankamveka ngati syu. Yesani kunena "syuga" kasanu mofulumira: lilime limakwera lokha, sy n'kusanduka sh. Zimenezi zinachitika cha m'ma 1600, s atakhazikika kale m'kalembedwe, ndiye pakamwa panasintha koma pepala ayi. Sure anayenda njira yomweyi. Suit ndi super sanatero, choncho musawauze ana kuti ndi lamulo la su aliyense.

Ambiri amaphonya poweruza chibale cha mawu ndi khutu lokha. Umboni wake ndi zolembedwa zakale, chinenero ndi chinenero, komanso njira imene anthu ndi malonda anadzera. Onani saccharin, chotsekemeretsa chopanda shuga chija chimene chinatulukiridwa mu 1879. Pomveka n'chosiyana ndi sugar, koma dzina lake linachokera ku Chigiriki, sakkharon, ndipo Agiriki nawonso mawuwo anawalandira kuchokera ku India komweko.