Catch can sichotsa phala lakuda mu injini

Achimwene, mwati mutatsegula pothirira oyilo pa Noah yanu mwapeza phala lakuda, ndipo makaniko akuti mugule oil catch can. Musatulutse kaye ndalama. Matenda alipo awiri apa, ndipo kachitini kameneka kamathandiza amodzi okha.

Injini ikamalira, mpweya wina umazemba m'mbali mwa ma ring a pisitoni n'kutsikira kuli oyilo. Kuti usaphulitse ma seal, umatuluka pa kavalavu kotchedwa PCV valve kubwerera ku intake, polowera mpweya mu injini, kuti ukapsenso, utasenza nthunzi ya oyilo, madzi ndi petulo. Catch can imakhala pa paipi imeneyi: nthunziyo imatsala m'chitinimo, mpweya n'kumapita. Ndiye chimene imateteza ndi intake ndi ma valve, osati sump, beseni la oyilo la pansi pa injini.

Apa onani kaye injini yanu. Ngati ndi Noah yakale ya 1AZ-FSE, ija yolembedwa D-4, petulo amapoperedwa molunjika mu silinda, sadutsa pa ma valve kuti awatsuke. Oyilo uja amakakamira pamenepo, amapsa, n'kuuma ngati makala, galimoto n'kuyamba kunjenjemera ikaima. Chimodzimodzi Mark X ya 4GR-FSE, komanso ma dizilo okhala ndi EGR (yobwezera utsi wina ku intake), momwe mwaye umasakanikirana ndi oyilo. Pamenepo ndiye inde, ikani. Koma wa Sienta ya 1NZ-FE angotaya ndalama, petulo wake amatsuka yekha ma valve.

Phala mwaonalo ndi nkhani ina. Amenewo ndi oyilo wokhalitsa, kapena uja wa m'mabotolo osadziwika wogula m'mbali mwa msewu, kuphatikiza maulendo afupiafupi a m'tauni oti injini siitentha mokwanira kuti madzi aphwe. Ine ndinganene kuti atsegule sump, atsuke strainer (sefa ya pampu ya oyilo), muike oyilo weniweni ndi filter yatsopano, kenako muzisintha pa makilomita 5,000. Aonenso PCV valve yomweyo, imatsekeka. Za mankhwala otsukira m'kati mwa injini (flush) ndimakayika nazo pa injini yoti phala lachuluka: zidutswa zikamatuka zimakatseka strainer, oyilo osakweranso.

Mukaganizabe zoika catch can, gulani yokhala ndi baffle mkati, timipanda togwira nthunzi ija, chifukwa zina zotchipazi ndi chitini chabe chopaka utoto. Paipi isapindike, apo ayi ma seal ayamba kudontha. Muziikhuthula isanadzaze, ndipo zotulukamo musazibwezere mu injini, muli madzi ndi petulo.